Kankhosa Kotsiriza ka Kapitawo

Kalekale, komatu osati kale la makolo, kale lomwe njinga za kabaza zinali zitafika kumidzi, kuseri kwa phiri lina kunali bambo wina dzina lawo a Kamphinda. Anali ndi nkhosa yamphongo yoyera mbee, yamchira wonenepa, ya banga lakuda kuzungulira diso lamanzere. Ankaitcha Kapitawo, poti inkayenda patsogolo pa zinzake ngati ikuyang'anira ntchito. M'mawa uliwonse ankainyambititsa mchere m'dzanja, iwo asanamwe tiyi.

A Kamphinda atamwalira, nkhosa zamphongo zonse zinaphedwa kudyetsa anthu pamaliro, kungotsala Kapitawo. Akazi awo, mayi Nangozo, sankalira pagulu. Ankangotapa mchere uja n'kupita kukhola. Koma Kapitawo anali atakalamba, mano akugwa, miyendo yosathanso kukwera yaikazi. Aliyense ankaona kuti mvula sidzamupeza.

Mayiwa anali ndi ana atatu.

Woyamba, Elesoni, ankagwira ntchito ya zaziweto kutauni. Pa matenda a bambo ake sanabwere msanga, ndipo zinkamudya mumtima. Anamunyamula Kapitawo pagalimoto, nakamutenga umuna ndi zipangizo za kuntchito, n'kuuthira m'timachubu khumi ndi tiwiri, topyapyala ngati udzu, n'kutiumitsa m'chigubu chachitsulo cha nayitirojeni, madzi ozizira koopsa amene amafuka utsi. Nkhosa zazikazi zinali zitawonda ndi chilimwe, sizikanatenga bere, choncho anayenera kudikira msipu. Anyamata apamsika ankamuseka: "A dokotala, mwayamba kukama nkhosa zamphongo?" Patatha masabata awiri chimubwezereni kumudzi, Kapitawo anagona pakhomo la khola osadzukanso.

Mayi Nangozo anakana kuti chigubu chitsale kutauni. "Za bambo anu sizigona kwa eni," anatero. Apa ndi pamene analowa wachiwiri, Chifuniro, wa kabaza. Madzi aja amauluka pang'onopang'ono, ndipo akatha, mbewu yonse imafa. Masabata atatu aliwonse Chifuniro ankamangirira chigubu panjinga, atachikulunga bulangete lake lomwe, n'kupita nacho kutauni kukachidzadzitsa. Tsiku lina lamvula anaterereka pamtsetse. Anagwira chigubu kuti chisapendekeke, njinga n'kumugwera pabondo. Pofika kunyumba anayamba watsuka magazi pachitsime, kuti amayi ake asaone. Mpaka lero amatsimphina.

Wachitatu anali Mwatitha, chitsirizira, amene ankakhala ndi amayi ake. M'mawa wina anawapeza kuchipinda atatsegula chigubu, atakoka timachubu tija n'kutikweza kuwindo, akutilankhula motsitsa: "Mwadzuka bwanji, a Kamphinda? Mbatata zija zamera." Anali akuchita zimenezi tsiku lililonse. Palibe amene anawauza kuti kachubu kakatuluka kunja kofunda, mbewu yake imafa.

Mwatitha ankadziwa zimenezi, koma sanakuwe. Anagwada, nawagwira dzanja, n'kubwezera timachubu, n'kutseka. Anatenga jekete la bambo ake n'kuphimba chigubucho.

"Amayi, tiziwalankhula chitsekere," anatero. "Akumva ndithu."

Msipu utamera, Elesoni anabwera kudzaika mbewu m'nkhosa zazikazi. Zinayi zoyamba sizinatenge. Anayesanso zina, koma ayi. Atayeza mbewuyo kuntchito, anapeza yambiri itafa. Anabwerera nkhope itagwa.

"Mwatitha, chigubuchi chimatsegulidwa. Ndiwe umasesa muno. Ntchito yonse ija, bondo la mnzakoli, iwe n'kumasuzumira ngati mphika wa ndiwo?"

Mayi Nangozo anali atakhala pamphasa pomwepo, akudwala kale. Mwatitha anawayang'ana, kenako anayang'ana pansi.

"Pepani achimwene. Ndinalakwa."

Kunatsala kachubu kamodzi kamene kanali katagwera pansi penipeni pa chigubu, kosatulukapo n'kamodzi komwe. Mwatitha anapempha kuti asathamange nako. Anasankha msoti umodzi wa nkhosa, nauwonjezera madeya, namaulondola kubusa tsiku ndi tsiku. M'mawa umene anauona ukukana msipu, ukugwedeza mchira n'kumalirira nkhosa zamphongo za anansi, anathamangira kwa Chifuniro. Chifuniro anapalasa ndi bondo lake lija kukatenga Elesoni, poti nthawi yotere sidikira tsiku lachiwiri. Elesoni ntchito anaigwira bwino.

Patapita miyezi isanu, kunabadwa kankhosa kamodzi kamphongo, koyera mbee, ka banga lakuda padiso lamanzere.

Apa mayi Nangozo sankadzukanso. Anawabweretsera kankhosako pamphasa. Anakasisita pabanga paja nthawi yaitali, kenako anapempha mchere. Kanali kakang'ono kwambiri, kanangonunkhiza. Mayiwo anaseka koyamba chimwalirire amuna awo, misozi ikutsika.

"Musadzakaphe pamaliro anga," anatero. "Katenge amene wandibwezera bambo anu."

Tsiku lachitatu anapuma.

Maliro atatha, atatuwo anakhala pakhomo la khola. Sanakangane mokweza, anali atatopa ndi kulira.

Elesoni anati, "Ndikanapanda kutenga mbewu ija, bwenzi Kapitawo atapita yense. Bambo sindinawatsanzike. Ndisiyireniko kameneka."

Chifuniro anati, "Mbewu yanuyo, achimwene, ikanafa sabata lachinayi. Ineyo ndili ndi chiyani cha bambo? Bondo ili basi."

Mwatitha anangoti, "Ndine ndinaudziwa msoti uja ndi tsiku lake." Za kuwindo zija sananene, ngakhale Elesoni atang'ung'udza kuti pakanabadwa tinkhosa tokwanira onse pakanapanda dzanja la munthu wina. Jekete lija analipinda n'kuliika m'sutikesi. Ine ndakuuzani, koma alongo akewo sakudziwa mpaka lero.

Kankhosa n'kamodzi, chigubu chilibe kanthu, ndipo atatuwa tsopano amakhala motalikirana. Ndiye inu amene mwamva zonse, ndi zimene alongo aja sanamve, ndiuzeni: amene anawabwezera mayi Nangozo amuna awo ndani, woti amange chingwe kankhosaka n'kupita nako kwake?