Mkamwini Wowerama ndi Denga la Nkhokwe

Kalekale, ine ndisanabadwe, inunso musanaganiziridwe n'komwe, padali mwamuna wina dzina lake Dzimbiri. Adakwatira Namilanzi, nakakhala kwawo kwa mkaziyo, pachikamwini.

Dzimbiri chidali chimunthu champhamvu. Mtondo wosinjira ankausuntha ndi dzanja limodzi. Koma ulemu ndiye adachita kunyanya. Akaona apongozi ake, a Nankhoma, ankawerama. Mutu pansi, mapewa pansi, maso kumapazi. Apongozi akangotsokomola kuseri kwa nyumba, iye wawerama kale.

Chaka china adakolola chimanga chambiri, nkhokwe kudzaza tho! Denga lake adalimangira pansi, monga timachitira, nalifolera udzu. Kudangotsala kulikweza basi.

Tsiku limenelo kumwamba kudada bii. Amuna onse a m'mudzimo adali atapita kumaliro kutsidya. Adatsala Dzimbiri ndi mlamu wake Kamtedza, munthu wowonda ngati bango. A Nankhoma adayala mphasa pakhonde, nakhala kuti aonerere.

"Gwirani uko, alamu," adatero Kamtedza.

Adagwira. Adanyamula. Mbali ya Kamtedza idakwera mpaka pamwamba. Mbali ya Dzimbiri idafika pachipumi n'kuima. Denga pansi, khu!

Adagwiranso. Adanyamulanso. Ya Kamtedza pamwamba, ya Dzimbiri pachipumi. Denga pansi, khu!

"Alamu, minofu yonseyi ndi yongoopsezera agalu?" adaseka Kamtedza.

A Nankhoma sadaseke. Paja mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, choncho adaitana mwana wawo.

"Namilanzi, uwauze amuna akowo. Chimanga changa chikanyowa, atenge nkhwangwa yawo azipita. Njira ya kwawo akuidziwa."

Dzimbiri adamva yekha, sipadafunike womuuza. Mtima udamuwawa, chifukwa Namilanzi ankamukonda kwambiri. Adagwiranso kachitatu ndi mphamvu zake zonse, mitsempha ya m'khosi kuchita kutuluka. Denga pachipumi. Denga pansi.

Namilanzi adali ataona kanthu. Adasendera pafupi nanong'ona.

"Bambo, tasiyani dengalo. Takwezani manja okha."

Dzimbiri adakweza manja opanda kanthu. Adathera pachipumi pomwepo.

"Mwaona? Msana wopindika sulola manja kupita kumwamba. Ine mtsuko ndimausenza bwanji? Wongokani. Chifuwa patsogolo, mimba mulimbitse, mutu mudzutse."

"Iwe, amayi ali apo," adatero Dzimbiri. "Ndiime njo pamaso pawo? Anthu adzati mkamwini wakula mtima."

Madontho oyamba adayamba kugwa. Namilanzi adathamangira pakhonde, nagwada.

"Amayi, bambowa sangawongoke inu mukuwaona."

A Nankhoma adakweza maso. Adayang'ana mitambo, adayang'ana nkhokwe. Kenaka adatembenuka pamphasapo, nayang'ana kukhoma.

"Ine sindikuona kanthu," adatero. "Uwauze."

Dzimbiri adatalikitsa mapazi. Adadzutsa mutu. Adabweza mapewa m'mbuyo, msana kulira thethethe, poti udali utaiwala. Adagwira. Adanyamula. Denga lidadutsa pachifuwa, lidadutsa pachipumi, lidapitirira, manja mpaka kuwongokeratu. Kamtedza ndiye adayamba kukuwa.

"Pang'onopang'ono, alamu! Munditenga ndi ine ndemwe!"

Denga lidakhala pamalo pake. Mvula idatsika, chimanga chili gwa.

A Nankhoma adatembenuka msanga, Dzimbiri adakali chiimire, manja ali m'mwamba. Adamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Namilanzi, kodi amuna akowa ndi aatali chonchi? Zaka zitatu zonsezi ine ndimangodziwa paliwombo pawo."

Dzimbiri manyazi adamugwira, nayamba kupindikanso. Pamenepo a Nankhoma adachita chimene adali asanachitepo. Adalankhula naye okha, osadzera mwa mwana.

"Ayi, bambo, khalani choncho. Chaka chamawa ndikufuna nkhokwe ziwiri."

Ndiyetu inu, ulemu ndi wabwino, ine sindikukana. Weramani popereka moni. Koma pokweza katundu pamwamba pa mutu, imani chilili, pakuti manja angakule bwanji, amayendera msana. Msana ukapindika, mphamvu zimathera pachipumi.

Ine yanga nthano yathera pamenepa.