Mababu Awiri Pakhonde

Panali munthu wina mumzinda, wolimbikira ntchito, wosaledzera, wosavuta pakhomo. Matenda ake anali amodzi: maso ake ankakhalira kuseri kwa mpanda wa mnzake.

Munthuyu ankasunga amayi ake okalamba. Masana iwo ankatsala okha, poti iye ankapita ku ntchito, mkazi wake kumsika, ana kusukulu. Miyendo ya amayiwo inali itayamba kukana. Choncho anaitana mmisiri kuti adzaike alamu m'nyumba, ndipo amayi anawaveka kabatani m'khosi, pachingwe. Anapangana ndi banja la a Chikwemba, oyandikana nawo nyumba, kuti alamu ikangolira azithamangirako.

Pochoka, mmisiri anamusonyeza kabokosi kapakhoma. "Umu muli batire, bwana. Magetsi akamayaka, limadzitchaja lokha. Akathima, alamu imalira ndi moto wa m'batiremu. Musalipatse ntchito ina."

Zonse zinali bwino mpaka pamene a Chikwemba anagula sola. Nthawi imeneyo magetsi ankathima ngati pangano. Akangothima, dera lonse linkachita mdima wa ndiweyani, koma kwa a Chikwemba kunkangoti mbee. Ana a munthu uja anayamba kukalembera homuweki kumeneko. Mkazi wake naye, foni ikatha moto, ankangoti, "Ndikatchajitse kwa aneba." Tsiku lina mwana wake wamng'ono anafunsa akudya, kandulo ili pakati, "Adadi, ife ndi amphawi eti?"

Funso limenelo linamulasa. A Chikwemba sanamulakwire chilichonse, moti ankamupatsa moni ndi manja awiri. Koma nsanje ilibe khutu. Kwa iye, babu lililonse la pampanda paja linkayakira kumuseka.

Loweruka lina anapita kumsika, nagula mababu awiri oyendera batire ndi waya. Anatsegula kabokosi kaja, nalumikiza, nakoleka mababuwo pakhonde, mbali yoonekera kumsewu. Madzulo magetsi atathima, khonde lake linawala. Anatulutsa mpando nakhala pomwepo, mwendo pamwamba pa unzake, kuyankha moni wa aliyense wodutsa, ngakhale amene sanamupatse moni.

"Aneba, mwafikapotu!" anatero a Chikwemba, akusuzumira pampanda mosangalala. "Nanunso mwagula sola?"

"Timayesetsa," anayankha munthu uja. Chakudya cha tsiku limenelo chinamukomera.

Kuyambira pamenepo unali mpikisano, ngakhale wopikisana naye sankadziwa n'komwe. A Chikwemba akapanda kuzimitsa, nayenso sankazimitsa. Batire lija, lopangidwira kudikira, linasanduka wantchito wa tsiku ndi tsiku. Magetsi ankabwera kanthawi kochepa, lisanakhute athimanso, mababu n'kuyamba kuliyamwa. Posakhalitsa kabokosi kanayamba kudandaula. Kankalira kuti tii, tii, kanyali kofiira kakuphethira.

"Bambo a Tamanda, chinthuchi chikutiuza kanthu," anatero mkazi wake. "Muitaneni mmisiri uja."

Koma mmisiriyo ndi yemwenso ankakonza zamagetsi kwa a Chikwemba. Akanaona mawaya aja, nkhani ikanadumpha mpanda tsiku lomwelo. Munthu uja anatenga thonje natseka pamene pankatulukira kulirako, kanyali kaja nakamata ndi tepi. M'nyumba munakhala bata. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kenako kunabwera kuthima kwakutali. Magetsi anapita madzulo, kunacha asanabwere, ndipo mababu anayaka mpaka anafiira nazima okha. M'mawa aliyense anapita kwake monga mwa masiku onse.

Dzuwa lili paliwombo, amayi aja anaterereka pa simenti yonyowa m'bafa. Anagwera chammbali, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Sanachite mantha kwenikweni, poti mwana wawo anali atawauza chochita. Anagwira kabatani nadina. Kunali zii. Anadinanso. Anayesa kukuwa, koma mawu a nkhalamba sangadumphe mpanda wa njerwa. Kuseri kwa mpandawo mayi Chikwemba ankachapa zovala, wailesi ikuimba.

Ana ndi amene anawapeza pochokera kusukulu, thupi litazizira, milomo itauma. Amene anawanyamula pa galimoto kupita nawo kuchipatala anali a Chikwemba omwewo. Munthu uja atafika, thukuta lili kamukamu, anakumana nawo pakhomo la wodi.

"Pepani aneba," anatero a Chikwemba. "Mayi akunyumba anali pomwepo tsiku lonse. Koma n'chifukwa chiyani agogo sanadine?"

Munthu uja anangowadutsa. Analowa nagwada pambali pa bedi. Amayi ake anatsegula maso, namugwira dzanja.

"Ndinadina, mwanangu," anatero motsitsa mawu. "Ndinadina mpaka chala chinachita dzanzi. Kaya ndinkalakwitsa kadinidwe kake? Undikhululukire, ukalamba ndi wovuta."

Munthu uja anabisa nkhope m'chofunda nalira ngati mwana. Akanamukalipira zikanakhala bwino. Koma iwo ankamusisita m'mutu, kumutonthoza. Kuchokera tsiku limenelo amayiwo sanayendenso ndi miyendo yawo.

Tsono inu amene mukundimva, musafulumire kumuweruza, poti kabokosi kotere aliyense ali nako. Muli ndi mphamvu zimene munapatsidwa kuti zidikire tsiku loipa: thanzi lanu, mtendere wa m'banja, chikhulupiriro cha anthu amene amagona tulo chifukwa mulipo inu. Nsanje imakunong'onezani kuti muzitulutsire pakhonde, odutsa aone. Ndipo mtima ukayamba kukuchenjezani, mumautseka ndi thonje. Dzifunseni lero lomwe kuti moto wanu ukuthera kuti. Mnzanu amene mukulimbana naye mwina sakudziwa n'komwe kuti pali mpikisano. Amene adzalipire ndi uja ali m'nyumba mwanu, wodalira kuti akadzaitana mudzamva.