Buku la Bakha Lipite kwa Yani?

Kalekale, mawayilesi asanachuluke m'nyumba za anthu, pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu panali telala dzina lake Yotamu. Ankasokera pakhonde la sitolo, ndipo mkazi wake, Nangondo, ankagulitsa zitumbuwa chapafupi pomwepo. Nkhaniyi ndikuifotokoza monga momwe Nangondo mwini wake ankaifotokozera ife anzake a kutchalitchi. Sindithirapo mchere.

Tsiku lina munthu anabwera ndi jekete la pa kaunjika kuti a Yotamu alichepetse. M'thumba la jeketelo munapezeka kabuku ka zithunzi. Mwini jekete anati, "Katengeni, atelala, mukapatse ana."

Mawu a m'bukumo anali a Chingerezi, chimene a Yotamu sankachidziwa, koma zimenezo sizinawadetse nkhawa. Zithunzi ankazimva bwino. Munali bakha woopa madzi, amene ankayenda ndi ambulera kulikonse, mpaka tsiku limene mphepo inamulanda ambulerayo. Bakha anagwera m'dziwe, n'kuzindikira kuti kusambira anabadwa nako.

Loweruka masana, akaweruka, a Yotamu ankakhala pamphasa ana awo atatu atawapanikiza mbali zonse: Ndaziona woyamba kubadwa, Fanuwelo mnyamata, ndi Tinyade mzime. Bakha akaona mtambo, bambowo ankakweza mapewa n'kulira kuti, "Kwaa, kwaa, ndinyowa ine!" Ana ankagubuduka ndi phwete. Koma panali lamulo: nkhani siinkasintha. Bambo akangodumpha mawu amodzi, ana ankakuwa, "Ayi ababa, bwererani!" Ndipo ankabwereradi.

Zaka zinapita. Ana anakula, napita kukamanga maanja awo. Buku lija linasowa, osadziwika kumene linalowera.

M'mawa wina, a Yotamu akulowetsa ulusi pa singano, anagwa pampando. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerera kunyumba amoyo, Mulungu alemekezeke, koma dzanja lamanja litafooka ndipo pakamwa patatsekeka. Adokotala anauza Nangondo kuti, "Muziwayankhulitsa, mayi. Mawu akhoza kubwerera, koma munthu akakhalitsa chete amazolowera."

Nangondo anayesa zonse. Anawauza miseche ya pamsika. Anawaimbira nyimbo za kutchalitchi. Azimayi a mpingo anabwera kudzapemphera mpaka mawu kusasa. A Yotamu ankangoyang'ana khoma. Munthu amene ankacheza ndi aliyense wodutsa, ngakhale mbuzi, tsopano anali duu. Nangondo ankagwada kuseri kwa nkhokwe n'kunena kuti, "Ambuye, nyumba yazizira. Ndibwezereni phokoso langa lija." Kenako anatumiza uthenga kwa ana.

Woyamba kufika anali Ndaziona, atanyamula chitini cha mabisiketi chokulungidwa m'chitenje. Atatsegula, munatuluka fungo la masamba a fodya amene anaikamo poopa chiswe. Pansi pa masambawo panali bakha ndi ambulera yake.

Nangondo anagwira pakamwa. "Mwana iwe! Buku limeneli ndinalifunafuna mpaka kudenga!"

"Munkalifuniranji, amayi? Si inu amene munathothola masamba apakati n'kukulungira zitumbuwa? Ndinakuonani ndi maso angawa. Ndinalibisa tsiku lomwelo, ndipo pokwatiwa ndinapita nalo."

Bukulo linali litayenda naye m'nyumba zonse za lendi, ndipo chaka chimene madzi analowa m'nyumba mwake, Ndaziona anatuluka atasenza chitinicho, mapoto n'kuwasiya akuyandama. Tsopano analiika pamiyendo pa bambo ake. Nangondo anaona maso a mwamuna wake akuchoka pakhoma, n'kutsikira pa bakha. Ndaziona anatsegula tsamba ndi tsamba. Koma atafika pakati, pamene panathothoka paja, a Yotamu anatsinzina n'kutembenuza nkhope.

Wachiwiri kufika anali Fanuwelo, amene ntchito yake inali yolemba zikwangwani za masitolo ndi malo ometera. Anayang'ana pothothoka paja. Anatulutsa penti ndi maburashi m'chikwama, nakhala pansi pa mtengo wa mango. Zithunzi zotayikazo zinali zidakali m'mutu mwake: bakha akubisala pansi pa tsamba la nthochi, ambulera ya zigamba zofiira ndi zachikasu, mphepo ikupinda udzu. Anajambula zonse, osaiwala ngakhale chule wosuzumira pakona. Zitauma, anatenga ulusi wa bambo ake n'kusokerera masambawo m'buku.

Anapita nalo kwa a Yotamu. Iwo anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako dzanja lofooka lija linakwawa pang'onopang'ono pamwamba pa bulangete, n'kutembenuza tsamba. Nangondo anathamangira kukhitchini kukalira, kuti asawasokoneze.

Komabe mawu sanatuluke. Ndaziona anawafotokozera nkhani ya bakha, liwu ndi liwu monga momwe iwo eni ankaifotokozera. Fanuwelo anachitanso chimodzimodzi. Bambo ankangogwedeza mutu, misozi ili chuchuchu, pakamwa pali potseka.

Womaliza kufika anali Tinyade, mwana wina kumsana, wina kudzanja. Iyeyu buku linasowa adakali wamng'ono. Nkhani ya bakha ankaifotokozera ana ake popanda buku, ndipo pamene waiwala ankangosokerera zake. Atapereka moni, anaona buku pamiyendo pa bambo ake, nakuwa ndi chimwemwe. Anaitana adzukulu onse amene anabwera ndi makolo awo, nawakhazika pamphasa pafupi ndi agogo awo.

"Khalani chete, ndikuuzeni za bakha. Bakha uja ankaopa mvula. Ndiye tsiku lina anapita kusitolo, n'kugula ambulera yatsopano yonyezimira..."

Ndaziona ndi Fanuwelo anayang'anizana. Aliyense m'banjamo ankadziwa kuti bakha sanapite kusitolo. M'nkhani ya a Yotamu, bakha anatola nsanza m'njira n'kupita nazo pakhonde kwa telala wodziwa ntchito kuposa onse, dzina lake Yotamu, kuti amusokere ambulera. Awiriwo asanatsegule pakamwa kuti amudzudzule Tinyade, kunamveka mawu osasa, ngati chitseko chimene chakhalitsa osatsegulidwa.

"Sa... sanagule!"

Onse anatembenuka. A Yotamu anali atakwinya nkhope, chala chikuloza chifuwa chawo.

"Ndina... soka... ine! Bwerera!"

Lichero linagwa m'manja mwa Nangondo, nyemba n'kumwazika bwalo lonse. Analuluta nthungululu mpaka anansi anathamangira kudzaona, kenako anagwada pa nyemba pomwepo n'kuyamika Mulungu. Koma a Yotamu analibe nazo ntchito zimenezo. Anakokera buku kwa iwo, nayamba nkhani poyambirira, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati madontho a padenga. Atafika pa mtambo paja, anakweza phewa limodzi lomwe linkatheka n'kulira, "Kwaa, kwaa, ndinyowa ine!" Adzukulu anagubuduka pamphasa, ndipo makolo awo anaseka uku akupukuta m'maso.

Kuyambira pamenepo mawu anabwerera pang'onopang'ono. Posakhalitsa a Yotamu anayambanso kuitana odutsa m'njira ndi kudandaula kuti tiyi wachepa shuga.

Nthawi yoti ana abwerere kwawo itakwana, a Yotamu anaitana mkazi wawo onse akumva. Anati, "Nangondo, buku la ana limafuna ana. Lisakalambe ndi ife muno. Mulipereke kwa amene wandibwezera pakamwa."

"Bwanji lizizungulira, abambo? Chaka chino kwa uyu, chaka chamawa kwa uyo?" anafunsa Nangondo.

"Ayi. Chinthu chopanda kwawo chimasowa. Likhale ndi nyumba imodzi, enawo azikaliwerengera komweko." Atatero anatsamira khoma n'kutsinzina, ngati munthu amene sanayatse moto uliwonse.

Ndaziona anayamba. "Amayi, apa palibe mlandu. Ndikanapanda ine, bakha yense akanathera m'zitumbuwa. Fanuwelo akanasokerera zithunzi zake pa chiyani? Tinyade akanalakwitsa chiyani?"

"Achemwali, musaiwale kuti munachita kuba," anatero Fanuwelo akuseka. "Zaka zonsezi ana anu okha ndi amene amamuona bakha, athu ayi. Ndiponso munabwera ndi buku lobooka pakati, ababa n'kulikana. Dzanja lawo linayenda pa zithunzi za ine."

"Zithunzi zake ziti, achimwene?" anatero Tinyade. "Bakha wanuyo miyendo ngati ya nkhuku! Inu nonse munayesa, ababa anangokhala chete. Anayankhula ndi ine. Iwo sananene za maso kapena za dzanja. Anena za pakamwa."

"Anayankhula ndi iwe chifukwa unawakwiyitsa!" anakuwa Ndaziona. "Kodi munthu amalandira mphatso chifukwa choiwala?"

"Nanga Mulungu sagwiritsa ntchito oiwala? Komanso amene sakuidziwa bwino nkhani ndi amene akufunika buku. Inu muli nayo kale m'mutu."

"Tamverani mzimeyu!" anatero Fanuwelo. "Mawa adzatiuza kuti bakha anakwera minibasi."

Nangondo anakhala pakati pawo, buku lili m'manja. Anayang'ana chikuto chonunkha fodya, nakumbukira mwana wake akusenza chitini m'madzi. Anasisita masamba atsopano, naona kuti ulusi wa Fanuwelo wayenda mowongoka ngati wa bambo ake. Anayang'ana mzime wake, amene kulakwitsa kwake kunatsegula chimene mapemphero a mpingo wonse ankagogoda. Adzukulu a nyumba zonse zitatu anali atamuzungulira, aliyense atatambasula manja. Anasuzumira kwa mwamuna wake kuti amuthandize, koma a Yotamu anali atatsinzina ndithu, kukamwa kokha kukumwetulira.

Pamenepa Nangondo ankasiya kufotokoza. Tikamufunsa kuti, "Ndiye munapereka kwa yani?" ankangoseka n'kunena kuti, "Yambani mwanena inu." Ine ndaisinkhasinkha nkhaniyi, ndaipemphereranso, koma mtima wanga umasintha tsiku ndi tsiku.

Tsono ndikutula kwa inu, abale anga. Wina anasunga buku, ngakhale analitenga mobisa. Wina analibwezera zimene zinatayika, koma bambo sanayankhule. Wina analakwitsa nkhani, osadziwa n'komwe, ndipo pakamwa panatseguka. Mukanakhala Nangondo, buku la bakha mukanaliika m'manja mwa yani?