Maso Obwereka a Baldomero

Ofesi ya Mayi Ercilia Bahamonde inaima pa mizati pamwamba pa madzi, ngati nyumba zina za m'mphepete mwa tauni ya Castro, ndipo nyanja ikadzaza mafunde ankagogoda pansi pa mipando. Ntchito ya m'menemo inali yonena mtengo woyenera wa nyumba ndi minda anthu asanagulitsane. Mnyamata wogwira nawo ntchito, Baldomero Oyarzún, anali atangopatsidwa chidindo chakechake, ndipo ankachisunga m'thumba la pamtima ngati dzira.

"Tamvera, mwanawe," anatero Mayi Ercilia tsiku lomupatsa. "Malamulo a ntchito yathu sakukakamiza kuponda pakhomo lililonse. Ukhoza kuyesa mtengo uli pampando, bola ulembe poyera kuti sunapiteko. Koma ukadzalemba kuti waona chimene sunaone, chidindocho ndidzachiponya m'nyanja ndi dzanja langali."

Baldomero anagwedeza mutu, koma mtima unali kwina. Chiyambireni mvula, Loweruka lililonse ankapeza pa zenera la ofesi zitumbuwa za mbatata zotchedwa milcao, zokulungidwa m'tsamba ndi kumangidwa ndi ulusi wofiira. Wozisiya sankaoneka. Mnyamatayo ankadya zitumbuwazo pang'onopang'ono ngati mgonero, ulusi n'kuusunga. Ankamwetulira mtsikana aliyense wa mumsika mpaka ena kuyamba kumuopa. Tsono analumbira kuti Loweruka likubwerali abisala pansi pa bwato lovundikira la pafupi ndi ofesi, aone ndi maso ake dzanja lomanga ulusi uja.

Lachinayi kunabwera mayi wa ku Santiago, Marisol Undurraga, nsapato zake zikulira pa matabwa. Ankafuna kugula malo a Bambo Abelardo Chiguay pa chilumba cha Quehui. Anaonetsa chithunzi: kanyumba kobiriwira, ka matabwa, kali pamwamba pa kaphiri, utsi uli tolo.

"Ndisanalipire ndikufuna munthu akaone," anatero. "Mwana wamkazi wa mwini malowo ndiye wandilozera kuno. Akuti mutumize mnyamata wanuyu, ndipo afike Loweruka, osati tsiku lina."

Munthu wina akanadabwa kuti mtsikana wa pachilumba wamudziwa bwanji mnyamatayo. Baldomero anangomva liwu limodzi, Loweruka. Madzulo ake anathamangira kwa msuweni wake Ruperto, woimba akodiyoni, munthu amene sankaphonya paliponse pofuka utsi wa nyama.

"Msuweni, ndipulumutse. Kandionere nyumba ku Quehui."

"Ine? Chimene ndimadziwa pa nyumba ndi khitchini basi."

"Ingoyang'ana denga, makoma, zipinda, undiimbire foni. Ya boti ndikulipirira."

"Nanga iwe uli kuti?"

"Ndili ndi msonkhano."

"Msonkhano wa ulusi wofiira!" anaseka Ruperto mpaka kutsamwa. "Udzakwatira chitumbuwa iwe. Bweretsa ndalamazo."

Loweruka m'mawa Baldomero anakwawira pansi pa bwato lija atavala malaya ake a tchalitchi. Munkanunkha nsomba zakale. Mwendo uliwonse wodutsa unkamudumphitsa mtima: wa wansembe, wa mayi wogulitsa nkhono, wa galu amene anamununkhiza n'kumusiyira chizindikiro pa nsapato. Maboti a kuzilumba anafika, anatsitsa anthu, anabwerera. Pa zenera panatera mbalame yokha. Kwa nthawi yoyamba zitumbuwa sizinabwere.

Dzuwa litapendeka foni inalira. Kumene kunali Ruperto kunali phokoso la chikondwerero, amuna akukuwa, ng'ombe zikulira.

"Msuweni, waphonya! Kuno afukula dzenje lophikiramo nkhono ndi nkhumba, mowa wa maapozi ukuyenda m'ndowa! Ndiye kuli mtsikana, Griselda, mwana wa a Chiguay. Poyamba anandiyang'ana ngati ndaba nkhuku, koma nditangokoka akodiyoni..."

"Za atsikana zisiye. Denga likudontha?"

"Ngakhale dontho."

"Makoma?"

"Olimba ngati chipumi chako. Lero ayesedwa ndithu."

"Zipinda?"

"Zitatu ndi khitchini. Koma maluwa a pazenera, msuweni, ndi mmene amavinira mtsikanayu..."

Baldomero anadula foni. Sanafunse kuti makoma ayesedwa bwanji, kapena kuti ng'ombe zochuluka chotero zikufunanji pakhomo la munthu. Ruperto naye sanaone chachilendo choti anene, poti kuzilumba zimenezi n'zachizolowezi.

Lolemba m'mawa Baldomero anakhala patebulo, maso ali psuu. Akanatha kulemba zoona, kuti mtengo wauyesa potengera chithunzi ndi mawu a munthu wina, ndipo palibe lamulo limene likanamugwira. Koma akanawauza chiyani Mayi Ercilia za kumene anaswera Loweruka? Pansi pa bwato? Choncho analemba kuti anafika yekha pamalopo, anaona nyumba yaima nji pa kaphiri, ndipo anaika mtengo wa munda ndi nyumba pamodzi. Anapumira pa chidindo, n'kudinda kuti phwa!

Mayi Marisol anali mu ofesimo akuwerenga pepalalo mokondwa pamene kunja kunamveka nyimbo. Anthu ankathamangira kugombe, ana akukuwa, mabelu a njinga akulira. Mayi Ercilia anatsegula zenera.

Pakati pa nyanja, kumbuyo kwa boti la asodzi, kunkabwera nyumba. Inali yobiriwira, ya matabwa, itamira mpaka m'chiuno, migolo yopanda kanthu itamangidwa m'mbali, ikugwedezeka mwaulemu ngati mkwatibwi. Pamwamba pa denga panakhala Ruperto akukoka akodiyoni, ndipo pambali pake mtsikana wa tsitsi lalitali lomangidwa ndi ulusi wofiira.

Mayi Marisol anayang'ana chithunzi chawo, anayang'ana nyanja, anayang'ananso chithunzi.

"Imene ikusambirayo si nyumba yanga?"

Botilo linayandikira pansi pa ofesi. Nkhalamba ya chipewa chaubweya inaimirira n'kukweza dzanja. "Mwadzuka bwanji, amayi! Ndine Chiguay. Mundawo ndakusiyirani wosesa bwino!"

"Nanga nyumba?"

"Nyumba? Ine ndikugulitsa dothi, amayi. Nyumbayi anamanga ndi bambo anga, imapita kumene ndikupita ine. Loweruka anansi anabwera ndi ng'ombe zawo, tinaikhazika pa mitengo, n'kuikokera kugombe. Paja n'chifukwa tinati woyesa mtengo abwere tsiku lomwelo, aone yekha chotsala."

Baldomero sankamvanso zimenezo. Maso ake anali pa ulusi uja.

"Ndiwe?" anafunsa mtsikanayo. "Wa zitumbuwa?"

"Ndinali ine," anayankha Griselda, akuseka. "Nyengo yonse ya mvula ndakhala ndikuwoloka nyanja chifukwa cha zenera limeneli. Ndiye ndinati, tiyeni tione ngati iye angawoloke kamodzi kokha chifukwa cha ine. Ndinavala diresi latsopano, ndinaima pagombe, m'boti n'kutsika uyu!"

"Ndinali pansi pa bwato, kudikira iweyo!"

Anthu a pagombe anagwa nacho chiseko. Ruperto anavula chipewa pamwamba pa dengapo. "Pepa, msuweni. Unandituma kukaona, ndipo ndaona ndithu. Kuukwati wathu udzadya milcao mpaka kukhuta!"

Boti linakoka, nyumba inapitirira ulendo wake, nyimbo ikucheperachepera. Mayi Marisol anaika pepala lija patebulo pang'onopang'ono ngati lanyowa. Mayi Ercilia sanakalipe. Anangotambasula dzanja. Baldomero anapisa m'thumba la pamtima, natulutsa chidindo, chitakoledwa ndi timaulusi tofiira tambirimbiri.

"Ukanalemba kuti sunapite, bwenzi ndangokukoka khutu," anatero mayiwo. "Ukanapita, bwenzi uli padenga paja."

Chidindo chinauluka pa zenera, n'kumveka kuti chubwi! Timaulusi tinayandama kanthawi, kenaka tinatsata njira yomwe inadzera nyumba.

Mpaka lero ku Castro, munthu akafuna kutuma mnzake pa nkhani yofunika maso ake eni, anzake amamufunsa ngati wapeza kale bwato lobisalamo. Paja akuluakulu anati, kandimverere anakanena za m'maluwa.