Mlatho Woyambira M'mwamba

Kalekale, nyama zikadayankhula ngati inu ndi ine, panali mzinda waukulu umene mtsinje unaudula pakati. Tsidya lino kunali nyumba, tsidya lija kunali msika ndi mchenga woyera. M'chilimwe aliyense ankaoloka pamiyala. Madzi akakwera, mtsinje unkasanduka wa Ng'ona yekha.

Mumzindamo munali Mayi Fulu. Chaka chimenecho anaoloka nakaikira mazira ake mumchenga wofunda wa tsidya lija. Kumchengako kunalibe mthunzi kapena tsamba loti n'kudya, ndiye anabwerera kwawo. Atangobwerera, chizimalupsa chinagwa kumapiri, miyala yonse n'kumira. Mtima wa mayiyu unachoka m'malo. Ankadziwa kuti mazira adzaswa ndi mvula yobzalira, ndipo tiana tikaswa popanda mayi timalunjika kumadzi, kukamwa kwa Ng'ona.

Masana akalowetsa mutu m'chigoba, ankalota njira yofewa ikukwera pang'onopang'ono, nkhungu ili pansi, iye akuyenda pamwamba pa mtsinje osanyowa. Akadzuka ankaimba:

Tsidya lija, tsidya lija,
ana anga ali mumchenga.
Mvula iwe, tadikira,
ndiyambe ndaoloka.

Mayi Fulu anauza Bongololo maloto aja. Bongololo anauza Chule, Chule anauza Gwape, mpaka anafika m'makutu aakulu aja a Njovu, mfumu ya mzinda. Njovu anaitanitsa bwalo, ndipo anagwirizana kuti pamangidwe mlatho wa oyenda pansi, ukhale njira imodzi ya okwawa, odumpha ndi othamanga. Aliyense anasonkha. Njati anabweretsa nsungwi, Kangaude ulusi, Njuchi phula. Mayi Fulu anapereka luzi limene anasenda yekha. A Chiswe anatumiza amisiri awo kuti aumbe chitunda chokwererapo.

Tsono woyang'anira ntchito akhale ndani? Bwalo linati, "Amene amauona mzinda wonse ndi mbalame." Anasankha Khwangwala, poti ali ndi kolala yoyera pakhosi ndipo akamayankhula amamveka ngati wodziwa zinthu.

Mbalame zikaitanitsa msonkhano, Mayi Fulu ankanyamuka m'mamawa, koma mukudziwa mayendedwe ake. Ulendo woyamba anafika onse atabalalika, patangotsala Khwangwala.

"Bambo Khwangwala, pokwerera pakhala pati?"

"Mayi, ife taona zonse kuchokera kumwamba. Pitani mukapume."

Ulendo wachiwiri anapezanso atabalalika.

"Bambo Khwangwala, a Chiswe aja ali kuti? Dothi sindikuliona."

Khwangwala anapukuta mlomo panthambi, uku ndi uku. "Atopa, mayi. Pitani mukapume."

Ulendo wachitatu Khwangwala sanadikire n'komwe funso. "Kwezani maso, mayi!"

Mayi Fulu anatulutsa khosi lonse. Mlatho uja unali lende m'mwamba, kuchokera pansonga ya mkuyu kukafika pansonga ya mbawa tsidya lija. Ulusi wa Kangaude unkanyezimira ndi mame, nkhungu ikudutsa pansi pake. Unali wokongola ngati wa m'maloto ake omwe aja. Kungoti pansi sunagunde paliponse. Mbalame, poti zimatera pamene zafuna, sizinaone cholakwika. Mayi Fulu analira, ndipo ine sindimunena, inenso ndikanalira.

Tsiku lotsegulira, mitambo inali itayamba kuda kum'mawa. Mbalame zinatera pamlatho mbwee, zikuyamikirana. Oyenda pansi anangoti kakasi, makosi akuwawa. Atabweretsa mtsuko wa thobwa, Mayi Fulu anasendera kutsogolo.

"Zikomo amfumu. Kwathu kuno wofulula amayamba walawa yekha, kuti tonse tidziwe kuti mulibe choipa. Si choncho?"

"Ndi mwambo umenewo," anatero Njovu.

"Ndiye mlathowu aulawe kaye mwini ntchito. Poti ndi wa oyenda pansi, aulawe wapansi, ngati ife."

"Zochepa zimenezo!" anatero Khwangwala, mumtima akudalira mapiko. Koma Mayi Fulu anali ndi luzi lotsala. Anamumanga mapiko onse awiri, mfundo yake yolimba.

Khwangwala anafika patsinde pa mkuyu. Anadumpha, anagwa. Anakanda khungwa ndi zikhadabo, anatsetsereka. Kachitatu anathamangira patali, anadumpha, n'kugwa chagada, phii! Pomwepo anageya, ndipo timitu ta chiswe tinagwa m'kamwa mwake, aliyense akuona. Amisiri a chitunda aja anali atawadya.



"Pepani amfumu," anatero Khwangwala. "Ndimati chitunda n'chachiyani, poti mlatho wafika kale."

"Pepani sapoletsa chilonda," anayankha Njovu. "Mapiko amenewo asamasulidwe mpaka mayi awa ataoloka."

A Chiswe otsala anavomera kubwerera, malinga mlomo wa Khwangwala uzikhala wodzaza ndi dothi. Ndiye Khwangwala anatuta dothi, wapansi. Anayenda njira yonse limodzi ndi eni ake. Bongololo anati, "Apa mpata wakula, ndigwera." Anatseka. Chule anati, "Apa pali minga." Anazula. Gwape anati, "Apa pachepa, ndiponda anzanga." Anakulitsa. Minga inamubaya iyenso, ndipo anayamba kuziona yekha asanauzidwe. Zitunda zinakwera mbali zonse ziwiri, mpaka zinakumana ndi mlatho.

M'mawa umene anamaliza, mphepo inanunkhira dothi lonyowa. Madontho oyamba anagwa pachigoba cha Mayi Fulu akuyamba kukwera. Njira inali yofewa. Nkhungu inali pansi, mtsinje ukulira pansi pa nkhunguyo, Ng'ona akungoyang'ana m'mwamba. Mayi uja sanadziwe ngati ali maso kapena akulotabe, koma sanaime.

Anafika mchenga ukung'ambika, timitu tikutuluka. Kamodzi kanali katayamba kale ulendo wa kumadzi. Anakatchinga ndi mwendo nati, "Uko ayi, mwanawe. Njira yathu ndi iyi." Anabwerera nato pamlatho, iye patsogolo, tiana pambuyo, mvula ikugwa.

Khwangwala anamasulidwa madzulo ake. Koma mpaka lero mudzamuona akutera m'mbali mwa msewu, akuyenda wapansi, mutu uku ndi uku. Akuyang'ana ngati njira ili bwino.

Nthano yanga yaoloka, yathera pomwepa. Amene anasiya mbatata pamoto akaphule isanapserere. Koma musaiwale: pokonza njira, funsani amene adzaiponde, pakuti wamapiko sadziwa pamene pali minga.