Nkhondo ya Adziwazonse ndi Zouluka

Kuseri kwa nyumba zosanjikizana za m'tauni kunali kamunda komwe bambo wina wopuma pantchito, amene anzake ankamutcha Adziwazonse, ankakakonda ngati mkazi wachiwiri. Magalagadeya ake anayanga mpanda wonse. Mwana wake wamkazi atapeza banja, mkuluyu anadziguguda pachifuwa pamaso pa asewere ake kuti asavutike kugula zakumwa, alendo onse paukwati adzamwa juwisi wa m'munda mwake.

Koma tsoka silinunkha. M'mawa wina akuthirira, mavu anamuluma padazi, mutu n'kutupa ngati dzungu. Kuyambira pamenepo chilichonse cha mapiko chinasanduka mdani: njuchi, agulugufe, ngakhale abemberezi amene ankakhala m'chipika chakale pafupi ndi mpanda.

"Bambo, bwanji mukafunse kaye kogulitsa mbewu kuja?" anatero mkazi wake. "Si chouluka chilichonse chili ndi mlandu ndi dazi lanu."

"Ine ndikafunse za tizilombo? Ndinayamba kulima inu musanamere mano."

Anagula mankhwala, n'kumapopera m'mawa ndi madzulo, chipika chija n'kuchitentha. Munda unangoti zii, ndipo mwini wake ankaitana anansi kuti adzaone ukhondo.

Maluwa anatuluka ambirimbiri, koma ankangofota n'kuyoyoka osasiya chipatso. Mbozi, zimene kale mavu ankazitola, zinachita phwando pamasamba. Adziwazonse anayamba ndi kunena mvula, kenako nsanje ya anansi. Mkazi wake, amene anali atakafunsa yekha mwakachetechete, anamuuza kuti abemberezi anawatentha aja ndiwo ankanyamula mungu kuchoka pa duwa lina kupita pa lina. Komabe mkuluyu sanapite kukawauza asewere kuti juwisi sadzakhalapo, poti manyazi anamukulira kuposa nzeru.

Tsiku la ukwati dzuwa linaswa mtengo, ndipo alendo anayamba kufunsa zakumwa. Patebulo panafika madzi. Mkwatibwi anawerama, misozi ili mbwembwembwe, osafuna n'komwe kuyang'ana bambo ake. Asewere aamuna anakweza kapu, n'kuiyang'anitsitsa pamaso pa anthu onse.

"Asewere, juwisi wanuyu mwamusefa bwino zedi. Ngakhale fungo la chipatso mulibe."

Anthu anafa nacho chikhakhali, Adziwazonse akulakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.