Zibangiri za Mkuyu Wauwisi

Padangokhala banja lina la osema, kuseri kwa phiri kumene msewu wa tala umakhota. Muli nane eti? Chabwino.

Bambo a m'banjamo anali a Kamwendo, munthu wosalankhulalankhula, wosema mitondo, zipande ndi mipando ija amakonda alendo odutsa pa galimoto. Mwana wawo woyamba anali Chikaiko, mnyamata wamtali amene ankasema njovu. Njovu lero, njovu mawa, zonse zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Atsikana a kumjigo ankati akamazipaka polishi, minofu ya m'mikono mwake imavina. Ine sindinaoneko, ndikungonena zomwe ankanena.

Ndiye panali mzime, Naliyela. Ntchito yake inali kusesa zibenthu. Nsompho, kankhwangwa kosemera kaja, sankaloledwa kuikhudza, poti amati mtsikana akaigwira imabuntha. Mitengo youma, imene abambo ake ankaisunga pamthunzi mpaka iume bwino, sankamupatsa. Iye ankangotola nthambi zauwisi zokhotakhota n'kumasema ndi kampeni kosendera mbatata, kuseri kwa khola la mbuzi. Zosema zakezo zinali zosadziwika mutu wake. Nsomba ya miyendo. Mayi wa khosi lotalika kuposa thupi. Mbalame ya phiko limodzi.

Koma chimene chinamutchukitsa ndi nkhani ya a Nanyoni, mayi woyandikana nawo, wa pakamwa posatseka. Naliyela anawasemera chibangiri cha mkuyu wauwisi, chinalowa bwinobwino pamkono, ndipo anapita nacho ku ukwati dzuwa likuswa mtengo. Paja mtengo wauwisi ukamauma umafota, ndipo ukakhala woboola pakati umathina. Pofika nthawi ya perekaniperekani, dzanja la a Nanyoni linali litatupa ngati papaya. Anachita kucheka chibangiricho ndi sowo, mkwatibwi akuseka mpaka velo kugwa. Kuyambira tsikulo mudzi wonse unkamutchula Naliyela kuti Nathina.

Osema a kumeneko anali ndi lamulo limodzi. Ukagwetsa mtengo, chibenthu choyamba umachisiya pa chitsa, kuti nkhalango isakutsate kunyumba. Tsiku lina Chikaiko anagwetsa phingo wamkulu, wakuda bii pakati, ndipo chibenthu choyamba anachiika m'thumba. Ena amati anaiwala. A Nanyoni amati anachitengera Mwandida wa kugolosale kuti akaone kukongola kwake. Inu sankhanipo.

Masana omwewo kunabwera kamvulumvulu. Mbuzi zinangoti zii. Fumbi litatsika, pabwalo panali mapazi atatu aakulu ngati malichero, njovu zosemedwa zili mbwee, koma Chikaiko palibe, nsompho ya a Kamwendo palibenso. Aliyense anadziwa kuti ndi Gwirize, chilombo cha mitu itatu chimene chinkatenga osema. Amuna analowa m'nkhalango ndi mikondo, koma njira iliyonse inkawabwezera pa khola la mbuzi. A Kamwendo anangokhala pa mtondo wosamaliza, manja ali lende.

M'mawa mwake Naliyela anamanga kampeni kake ndi mbalame ya phiko limodzi ija pa chitenje, n'kunyamuka. Palibe anamuletsa, poti palibe anamuona.

M'nkhalangomo mitengo inkasunthira kumbuyo kwake. Akatembenuka, pomwe wadutsa patsekeka. Kutsogolo minga, kumanzere minga, kumwamba masamba othithikana osaonetsa dzuwa. Atatopa anakhala pansi, namasula mbalame ija. Anali asanaiseme maso. Anaboola diso loyamba, anaboola lachiwiri, kampeni kanaterereka, dontho la magazi linagwera pa mlomo wake. Mbalameyo inaphethira, inayetsemula utuchi, n'kusanduka gogomole wamoyo, mbalame yogogoda mitengo ija.

"Phiko langa linalo lili kuti?" inatero.

"Nthambi inathera pomwepo."

"Ndiye unaona kuti ndiziyenda bwanji?"

"Sindinkadziwa kuti udzayenda."

"Mmisiri ameneyu," anatero gogomole. "Tiye."

Ankauluka mopendekera, kugogoda mtengo uwu, kugogoda uwo. Umene walira kuti go, go, ngati ng'oma, unkapatuka, Naliyela n'kudutsa chammbali. Anayenda choncho mpaka anafika pa mpanda wa mitengo yoima mothinana, yosadutsa ngakhale buluzi. Atayang'anitsitsa anaona kuti mtengo uliwonse uli ndi nkhope ya munthu, maso otseka, pakamwa pomata ndi khungwa.

Pamwamba pa mpandawo panasuzumira mitu itatu yosongoka ngati ya ng'azi, pa makosi aatali onenepera kumunsi. Mituyo inkakangana ngati akazi a pamitala.

"Ndamuona ndine mtsikanayu," unatero mutu wa kumanja.

"Mwamuona inu ndi maso a manthongowo?" unatero wa kumanzere.

"Khalani chete nonse," unatero wapakati. "Iwe kamtsikana, ndagi."

"Gize," anayankha Naliyela.

"Mwana anachoka kwawo wopanda mano, anabwerera ndi dzino limodzi, nadya amayi ake."

Naliyela anakumbukira abambo ake akusankha nthambi ya mphanda, akuiboola, akulowetsamo chitsulo. "Mpini wa nkhwangwa," anatero.

Mitengo iwiri inapatuka, iye analowa, ndipo inatsekeka kumbuyo kwake kuti gwa.

"Kulowa walowa," unatero mutu wapakati. "Za kutuluka sitinakambirane."

Naliyela anayesa kunyamula phazi, linakana. Zala zake za kuphazi zinali zitaboola nthaka, zikutsika ngati mizu ya chinangwa. Pafupi naye panaima Chikaiko, khungwa litamukwera kufika pachifuwa, nsompho ili m'manja, ndipo pansi pali mulu wa zosema zophwanyika.

"Achimwene."

"Iwe, wadzatani kuno? Kunyumba akusesa ndani?"

"Ndabwera kudzakutengani."

"Ndi chiyani, kampeni ka mbatatako?" Anafuna kuseka koma khungwa linamupanikiza nthiti. Anatsitsa mawu. "Chimafuna tiziseme nkhope zake. Ukasema zoona, chimakwiya. Ukakometsa mutu umodzi, inayo imachita nsanje. Chikakana chosema chako, khungwa limakwera, ndipo likafika pakamwa basi, ndiwe mpanda. Onse awa anali osema."

"Nanga inu mwasema zotani?"

Chikaiko anayang'ana kumbali. "Ndikuyesa, Nali. Zonse zikutuluka njovu."

Gwirize chinalumpha mpanda n'kutera pakati pa bwalo, nthaka kuti ndii. Chinalanda nsompho kwa Chikaiko n'kuiponya pa mapazi a Naliyela. Chinaloza mulu wa mitengo youma, mbawa ndi mlombwa, yoti a Kamwendo akanaiona akanalira.

"Sema nkhope zathu. Mlongo wako watsala ndi khosi lokha."

Naliyela anatola nsompho ija, koyamba m'moyo wake. Inali yolemera, mpini wake woterera ndi thukuta la abambo ake. Anayang'ana mitu itatu, anayang'ana makosi atatu, ndipo anakumbukira mkono wa a Nanyoni.

"Nkhope ine sindisema, agogo," anatero. "Zimenezo n'zachikale. Chosema chimangokhala pakona kumatola fumbi. Masiku ano anthu otchuka amavala zosema. Ndikusemerani zibangiri za m'khosi, zoti palibe chilombo china chinavalapo."

Mitu inayang'anizana.

"Koma mitengo youmayi ayi. Mundigwetsere mkuyu wauwisi, wochucha mkaka."

"Iwe Nali," anatero Chikaiko, "mtengo wauwisi sasemera. Waiwala a Nanyo..." Anaima pomwepo. Anayang'ana mlongo wake, natseka pakamwa.

"A ndani?" unafunsa mutu wa kumanzere.

"Kasitomala wanga woyamba," anatero Naliyela. "Mpaka lero sasiya kukamba za ine."

Chilombo chinabwera ndi mkuyu wathunthu, mizu ndi masamba omwe. Naliyela anadula zipika zitatu ataima pamalo amodzi, poti mapazi anali atazika. Gogomole anaboola pakati, go, go, go, uku akudandaula kuti mkaka wa mkuyu ukumumata mlomo. Naliyela anasema kunja kwake. Pa choyamba anasema nsomba za miyendo zikuthamangitsana. Pa chachiwiri mbalame zogwirana mapiko. Pa chachitatu anangotsatira m'mene mitsempha ya mtengo inkapitira, mpaka panatuluka chinthu chosatchulika dzina koma chosachotsapo maso. Pamene ankasema, khungwa linkamukwera. M'mawondo. M'ntchafu. M'chiuno, moti kuwerama kunayamba kuvuta. Mpandawo unkaoneka ngati ukuyandikira, mpweya wake wotentha ngati m'nkhokwe yotseka.

Poyeza makosi ndi luzi, anaitana mutu uliwonse paokha.

"Musanene kuti ndanena ine," ananong'oneza wa kumanja, "koma awo apakatiwo akuti chanu ndiboole kwambiri. Akuti khosi lanu ndi la nkhumba."

"Atero? Boola pang'ono. Chichepe kuposa cha onse."

Kwa wapakati anati, "Akumanzere aja amakusekani mukagona. Akuti mafuta a m'khosi mwanu angakazinge mandasi a mudzi wonse."

"Changa chikhale chogwira," unatero mutuwo, mano ali gwa.

Wa kumanzere sunadikire n'komwe kuuzidwa. "Ndamva zonse. Changa chilowe ndi mafuta."

Ndipo zinalowadi ndi mafuta a nsatsi. Chilichonse chinadutsa pa mutu wosongoka n'kutsetsereka mpaka pomwe khosi lanenepa, n'kukhazikika kuti khwi. Gwirize chinadziyang'anira m'chithaphwi, mitu yonse ikupotokola makosi, ndipo kwa nthawi yoyamba palibe umene unadandaula.

"Kwatsala chimodzi," anatero Naliyela. "Maonekedwe ake enieni amatuluka ndi dzuwa. Mukhale pathanthwe apo mpaka zisanduke zofiirira."

Chilombo chinakhala pa thanthwe la pakati pa bwalo, pokhapo pomwe dzuwa linkafika. Thanthwe linatentha. Mkaka wa mkuyu unauma. Zibangiri zinayamba kulira kuti tse, tse. Khungwa linali litafika pa chibwano cha Chikaiko, ndipo la Naliyela linali pachifuwa, mpweya ukulowa pang'onopang'ono ngati wodzera m'bango.

"Agogo akumanja," anaitana, "kodi chikukuthinani? Nenani ndikuvuleni, si mlandu kukhala ndi khosi lalikulu."

"Ine? Chikuchita kugwedera. Funsa awa."

"Ine ndikumva kamphepo kudutsa," unatero wapakati, maso atatuluka ngati a nkhanu.

Wa kumanzere unangogwedeza, poti mawu anali atayamba kale kusowa.

Chinakhala choncho, mutu uliwonse ukudikira kuti unzake uyambe kulira. Dzuwa linapendeka. Chikaiko anati, "Nali, ukawauze amayi kuti," ndipo khungwa linamutseka pakamwa. Kunatsala mphuno ndi maso.

Pamenepo ndi pomwe Gwirize chinazindikira. Chinakanda zibangiri ndi zikhadabo, koma mkuyu unali utaluma mnofu. Chinaziwombetsa pa thanthwe, sizinasweke. Chinatembenukira kwa Naliyela, malilime atatu ali panja, n'kuyamba kukwawa. Iye kuthawa sakanatha. Anangokweza nsompho ndi manja amene anali atayamba kuuma, nayang'ana chikubwera. Gogomole anatera pa mutu wapakati n'kujompha diso. Chilombo chinakwawabe. Chikhadabo chachitali chinakanda khungwa la pamimba pa Naliyela, chinatsetsereka, chinagwa pansi. Mitu itatu inagwa motsatizana, phi, phi, phi. Thupi lonse linauma n'kusanduka chipika chofumbwa, ndipo chiswe chinatuluka m'nthaka kudzayamba ntchito yake.

Khungwa linasweka. Linayamba la Chikaiko, kenako la Naliyela, kenako mpanda wonse unayamba kutsokomola. Panatuluka osema a m'midzi yosiyanasiyana, ena ndevu zofika pamchombo, akufunsa ngati mvula inagwa. Chikaiko atangopeza mpweya anati, "Zija unasema pa chachitatu zija, n'chiyani?"

"Kaya."

"Udzandiphunzitse."

Pobwerera anadzera pa chitsa cha phingo, ndipo Chikaiko anatulutsa chibenthu chija m'thumba n'kuchiika pamalo pake. Mwandida wa kugolosale sanachionepo, ndipo ndimamva kuti anakwatiwa ndi wa kabaza.

Analowa m'mudzi ndi chigulu cha osema pambuyo, zibangiri zitatu zikugubuduzidwa ngati matayala, nthungululu zili ponseponse. A Kamwendo anadzuka pa mtondo paja. Anagwira mwana wawo wamwamuna paphewa nthawi yaitali. Naliyela anagwada n'kupereka nsompho ndi manja awiri. Iwo anailandira, anayendetsa chala pa dzino lake, anameta nayo tsitsi la pamkono anthu onse akuona.

"Sinabunthe," anatero.

Anaitembenuza, nampatsa Naliyela chakumpini.

Lero mukadutsa pamsewu paja mudzaona mitondo ya a Kamwendo, njovu za Chikaiko, imodzi mwa izo ili ndi mapiko, ndi zinthu za Naliyela zimene alendo amaima nthawi yaitali akuzizungulira. Chibangiri chachitatu chija anthu a m'tauni anachifuna kangapo, iye anakana, gogomole amagonamo. Ndipo pambali pake simulephera kupeza a Nanyoni, mkono uli m'mwamba, akuonetsa chipsera kwa aliyense wotsika galimoto.

"Mwanayu ndinamutulukira ndine," amatero. "Anayesera pa ine. Chilombocho chinangotsanzira."

Nthano yanga yauma pamenepa. Amene chikumuthina anene msanga.